Tsiku Limene Alamu Anga Anachotsa Ntchito Mwini Ng'ombe

Amuna anga, a Agbeko, anachoka kwathu ku Ghana atalumbira pamaso pa amayi awo kuti dzanja lawo silidzagwiranso khasu, ndipo phazi lawo silidzapondanso ndowe. Za khasuzo zinathekadi, poti kuno ku Sweden amalima ndi mathirakitala. Koma za ndowe, Mulungu anamva lumbirolo n'kungoseka. Chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri amuna anga akukama ng'ombe makumi anayi za a Bertil, n'kumakokolola ndowe zake ndi fosholo.

Mudzi umene tikukhala uli ndi nyumba khumi ndi zinayi, tchalitchi chotsegulidwa kamodzi pa mwezi, ndi basi yobwera kawiri pa tsiku. Kwathu ku Ghana, kufupi ndi tauni ya Ho, mudzi wotere sangaupatse n'komwe tsiku la msika. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba m'katauni ka pafupi, ana athu aakazi awiri, Klenam ndi Yayra, amapita kusukulu pa basi ija, ndipo nyumba yathu yamatabwa ofiira ili m'mphepete mwa famu ya a Bertil, amenenso ndi eni ake a nyumbayo.

Koma abale kwathu ankadziwa zina. Ankadziwa kuti a Agbeko ndi manijala wa kampani ya mkaka ku Stockholm. Chinayambitsa ndi chithunzi. Chaka china tinapita mumzindawo kukakonzetsa mapasipoti, amuna anga n'kujambulitsa atavala suti kutsogolo kwa chinyumba chagalasi. Achemwali awo atafunsa pa foni ngati imeneyo inali ofesi yawo, iwo sanavomere, sanakanenso, anangoseka. Bodza la mtundu umenewu silifuna kuthirira, limakula lokha ngati dzungu la padzala.

Ndiye kumapeto kwa Seputembala, masamba a mitengo atayamba kuchita chikasu, kunabwera uthenga woti Efo Senanu akubwera kudzationa. Efo Senanu ndi achimwene awo aakulu a amuna anga, ndipo anali atangopuma kumene pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, imene anaigwira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Anati akhala nafe masabata atatu, aone ndi maso awo pamene mng'ono wawo wafika.

Amuna anga sanadye bwino masiku awiri. Tsiku lachitatu anandipeza ndikukumba mbatatesi kuseri kwa nyumba, poti nthaka inali itatsala pang'ono kuuma gwa ndi chisanu, n'kundiuza kuti apeza nzeru. Anthu olemera a kuno, anatero, amakhala ndi nyumba ziwiri: ya mumzinda, ndi ina yakumudzi yopumulirako. Ndiye ino ikhala yathu yopumulirako. Famuyo ikhala yathu yoikamo chuma, ndipo a Bertil akhala kapitawo amene tinawalemba ntchito. Ndinawafunsa ngati a Bertil auzidwa za kutsitsidwa udindoku. Anati palibe chifukwa chovutitsira munthu wamkulu. A Bertil Chingerezi sachidziwa, Efo Chiswidishi sachimva, nanga bodza litulukira pati?

Anapempha tchuthi, koma a Bertil anangowalola masana okha. Kukama kwa m'mawa kunayenera kupitirira. Izi sizinawadetse nkhawa amuna anga, chifukwa Efo sadzuka dzuwa lisanatuluke, ndipo mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno limafika pa ntchito ngati kalaliki wa boma. Ana anauzidwa kuti akaona abambo awo atavala zakutchalitchi pakati pa sabata asafunse, ndipo mawu oti ndowe aletsedwa patebulo mpaka mlendo atapita.

Chimene chinandidetsa nkhawa ine ndi nkhuni. Nyumba yathu imafunda ndi mbaula ya nkhuni, ndipo anzathu onse m'mudzi anali atawaza zawo kalekale n'kuzisanja bwinobwino m'mashedi. Zathu zinali chimulu cha zipika pabwalo, zikudikira nkhwangwa. Nditakumbutsa, ndinayankhidwa kuti manijala sawaza nkhuni pali alendo.

Efo anafika atavala suti yabuluu ndi nsapato zosongoka, atanyamula sutikesi ya gari, ufa wa chinangwa wokazinga wa kwathu, nsomba zowamba, botolo la tsabola wokazinga, ndi timabuku timene analemba okha ta kawetedwe kamakono ka ng'ombe. Kuchokera pabwalo la ndege tinakwera sitima maola asanu ndi limodzi, kenako galimoto yathu ola lina. Poyamba ankayamikira chilichonse, misewu, milatho, ngakhale mabini a zinyalala. Nyumba zitayamba kuchepa, mitengo n'kuchuluka, mawu awo anachepanso. Titakhota kulowa mumsewu wafumbi, n'kuona ng'ombe zikutiyang'ana pampanda, anagwira amuna anga paphewa.

"Agbeko, kodi Ulaya uja tamupitirira?"

Amuna anga anayamba kuyala zimene anakonza zija. Ndinkayembekeza kuti Efo akayikira, koma nkhope yawo inawala. Ofesi yagalasi, anatero, aliyense akhoza kukhala nayo. Koma malo, ng'ombe, ndi mzungu wantchito, chimenecho ndiye chuma chenicheni. Tisanatsitse n'komwe katundu anali atajambula khola, thirakitala, ndi a Bertil akukankha wilibala, n'kutumiza zonse ku gulu la banja la pa foni. Pofika madzulo, amuna anga anali atakwezedwa kuchoka pa manijala kufika pa mwini kampani.

Masiku otsatira ankayenda motere. M'mawa amuna anga ankapita kukakama, n'kusamba kukhola komweko, n'kubwera atavala suti, akumveka fungo la sopo ndi kafungo kena kamene sopo sachotsa. Efo akadzuka ankawapeza ali patebulo ndi khofi, akuti angochokera koyendera ntchito. Masana Efo ankavala chijasi changa chapinki pamwamba pa suti yawo, poti kuzizira kunawaphunzitsa kudzichepetsa pa tsiku lachiwiri lomwe, n'kutenga kabuku ndi cholembera kupita kukayendera famu ya mng'ono wawo. Ine ndinkaweruka nthawi ya nkhomaliro masabata amenewo, ndiye ndinasanduka womasulira. Amuna anga Chiswidishi amachilankhula kuposa ine, koma Efo anagamula kuti bwana samasulira.

Efo sanakondwe ndi zimene anaona. Ng'ombe zamkaka zinali zitatsekeredwa kale m'khola ngati akaidi. Udzu unali utakulungidwa m'mapulasitiki oyera n'kusiyidwa m'munda. Kapitawo ankamwa khofi kawiri pa tsiku atakhala pansi, ndipo bwana akalowa sankaimirira, ankangomutchula dzina ngati mwana wake. Zonsezi Efo ankazilemba, kenako n'kundituma kuti ndimuuze mkuluyo. Akati ndimuuze kuti ulesi wake auona, ine ndinkauza a Bertil kuti alamu anga akuyamikira ukhondo wa m'khola. Akati ng'ombe zizituluka kukaothera dzuwa, ine ndinkati akufunsa ngati chisanu chifulumira chaka chino.

A Bertil ndi munthu wamtali, waimvi, wamasiye, wosawononga mawu. Monga anthu ambiri a kumpoto kuno, akamavomera chinthu sayankhula. Amangokoka kampweya pamilomo ngati munthu amene akumwa tiyi wotentha. Ife tinazolowera. Koma Efo atamva kaphokosoko koyamba anaima chilili.

"Mlamu, mkuluyu wanditsonya?"

Ndinawauza kuti ndi mmene amavomerera kuno. Efo anati iwo ayenda m'midzi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo kutsonya amakudziwa m'chilankhulo chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo, a Bertil akakoka mpweya, Efo ankalemba kamzera m'kabuku kawo.

Sabata yachiwiri kunazizira kwenikweni. Udzu unkacha utayera, madzi a m'ndowa ya pakhonde anauma, ana ankadya chakudya cha m'mawa atavala zipewa. Nkhuni zowaza zinatha. Lachinayi nditaweruka ndinatenga nkhwangwa ndekha, n'kuwaza mpaka m'manja munatuluka matuza. Nditalowa m'nyumba ndi mtolo ndinapeza amuna awiri ovala masuti atayandikira mbaula, akukambirana chifukwa chimene mayiko a kwathu sakutukukira. Efo ankanena kuti vuto ndi loti anthu safuna kugwira ntchito ndi manja. Amuna anga ankagwedeza mutu kuvomereza, n'kusuntha mapazi kuti ndidutse.

Mawa lake masana tinalowa m'khola tonse atatu. A Bertil anali atatopa, poti kwa masiku khumi ntchito yamasana ankaigwira okha. Ataona amuna anga, anawapatsa fosholo m'manja n'kuloza ndi chibwano kuchipinda cha matole, kumene ndowe zinali zitafika m'akakolo. Amuna anga, mwachizolowezi cha zaka zisanu ndi ziwiri, analandira fosholoyo.

Efo anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Anati mng'ono wawo ndi munthu wofatsa kuyambira ali mwana, ndipo munthu wofatsa antchito amamukwera pamutu. N'chifukwa chake Mulungu analenga achimwene.

"Mlamu, muuzeni mkuluyu kuti ntchito yamuthera. Asiye makiyi."

Amuna anga anandiyang'ana ndi maso a mbuzi imene ikukokedwa kupita kumsika. Ndinaganiza zouza a Bertil kuti alamu anga akufunsa za manyowa. Koma matuza a m'manja mwanga ankawawa, ndipo munthu wa matuza samasulira mokometsera. Ndinawauza a Bertil zonse m'Chiswidishi chomveka bwino: kuti alamu anga anauzidwa kuti famuyi ndi ya a Agbeko, kuti iwowo ndi kapitawo, ndipo kuti panopa achotsedwa ntchito chifukwa cha ulesi ndi mwano.

 A Bertil anayang'ana amuna anga, suti yawo, fosholo, kenako chijasi chapinki cha Efo. Atatsegula pakamwa anangofunsa kuti, "Kuyambira liti?"

Ndinamasulira. Efo anati kuyambira lero lomwe.

A Bertil anakoka kampweya kaja. Anavula magolovesi, natulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika m'manja mwa Efo. Anauza amuna anga kuti galimoto ya mkaka ibwera mawa masana, kuti ng'ombe zazing'ono zimene zinali zikadali kubusa zilowe m'khola chipale chofewa chisanagwe, ndi kuti Blenda, ng'ombe yawo yapamtima, ibereka sabata ya mawa. Kenako anatuluka akuimba likhweru, chinthu chimene ndinali ndisanawamvepo akuchita. M'mawa mwake tinaona galimoto yawo ikudutsa, galu ali kutsogolo, mfuti ili kumbuyo. Inali nyengo yosaka mphalapala zikuluzikulu za m'nkhalango za kuno, pamene amuna onse a m'mudzi amasowa kwa sabata yathunthu, ndipo a Bertil anali asanapiteko kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chifukwa cha ng'ombe.

Efo nawo sanachedwe. Anajambula uthenga wa mawu wa mphindi khumi ndi ziwiri, wofotokoza mmene anachotsera mzungu ntchito, n'kuutumiza kwathu.

Koma ng'ombe makumi anayi sizidziwa za maudindo. Zimafuna kukamidwa kawiri pa tsiku. Ine ndinanena poyera kuti okalamba anga akundikwanira. Amuna anga anauza Efo kuti kupeza kapitawo wina kumatenga nthawi kuno, ndiye pakadali pano eni ake agwire okha, monga amachitira azungu olemera pofuna kulimbitsa thupi. Efo anavomera mwamphamvu, navala majombo a a Bertil, natenga timabuku tawo.

Apa m'pamene zinadziwika kuti pa zaka zonse za ulangizi zija, Efo anali asanagwirepo bere la ng'ombe. Ankayandikira ng'ombe chammbali ngati akukafunsira mbeta kwa makolo ovuta, ndipo ikatembenuza mutu iwo ankabwerera m'mbuyo n'kupepesa. Makina okamira anawagwira mozondotsa, makinawo n'kuyamwa tayi yawo mpaka pakhosi. Lachitatu chipale chinagwa mosayembekezeka, ndipo abale awiriwo anathamangitsana ndi ng'ombe zazing'ono khumi ndi imodzi m'munda woyera mbuu. Efo, amene anali asanaonepo chipale chibadwire, anagwa chagada kanayi, ndipo ulendo wachisanu anagwera pamalo pamene sipanali poyera konse.

Lachisanu masana Blenda inayamba kubereka, koma thole linabwera molakwika, mwendo umodzi utapindikira kumbuyo. Dokotala wa ziweto anali kutali, msewu usanachotsedwe chipale. Amuna anga anavula malaya, nasamba mkono, n'kuulowetsa mpaka paphewa, uku akuilankhula ng'ombeyo motsitsa mawu, Chiswidishi pang'ono, chilankhulo chathu cha Chiewe pang'ono, ngati mmene amalankhulira ndi Yayra akadwala. Efo anapatsidwa ntchito yogwira mchira, ine ndinanyamula ndowa ya madzi ofunda. Patatha pafupifupi ola thole linatuluka lamoyo, ndipo Blenda isananyambite mwana wake inayamba yanyambita amuna anga pakhutu.

Efo anasiya mchira n'kukhala pa mtolo wa udzu. Anayang'ana mng'ono wawo kwa kanthawi.

"Agbeko, mkono umenewo si wa mwini kampani. Ndipo ng'ombe sinyambita bwana wobwera pa tchuthi."

Amuna anga anaulula zonse ali chiimire, opanda malaya, nthunzi ikutuluka m'thupi mwawo: za chithunzi, za ntchito yawo, za nyumba ya lendi, ndi za munthu amene Efo anamulanda makiyi a famu ya makolo ake. Ndinkayembekeza ukali, kapena ulaliki wa chilungamo, poti Efo ndi mkulu wa mpingo. Koma iwo anagwira mutu ndi manja onse awiri. Anati uthenga wawo uja wamvedwa ndi mudzi wonse. Anthu anauika pa chimkuzamawu pamaliro ena Loweruka, ndipo Lamulungu abusa anautchula pa ulaliki wa kulimba mtima.

"Iwe unanama zaka zisanu ndi ziwiri, koma unanama mwakachetechete. Ine ndanama sabata imodzi, koma pa chimkuzamawu. Zimenezi zithere m'khola muno. Mlamu, mwamva?"

Ndinati ndamva, koma pakamwa panga pamatseka bwino m'nyumba mukakhala mofunda. Loweruka lonse amuna awiri aja anawaza nkhuni, Efo atamanga mpango wanga kumutu. Kunena zoona, nkhwangwa ankaidziwa. Anali mwana woyamba wa mayi wamasiye asanakhale mlangizi. Foni anaisiya m'nyumba tsiku limenelo.

A Bertil anabwera patatha masiku asanu ndi anayi, nkhope itapsa ndi mphepo, akuoneka ngati achotsako zaka khumi. Analowa m'khola osapereka moni, nayendera ng'ombe imodziimodzi, naona thole, nasuzumira m'thanki ya mkaka. Atamaliza anagwira amuna anga paphewa kamodzi, ndipo kwa a Bertil kumeneko ndiye kuvina ndi kululutira.

Efo anavala suti, yopanda tayi, kukapepesa. Analankhula mphindi makumi awiri, kuyambira pa ubale wa mayiko, kudutsa pa miyambi itatu ya Chiewe, mpaka pa kufooka kwa munthu wobadwa mwa mkazi. Atamaliza anandikodola kuti ndimasulire. Ndinati, "Akuti pepani." Efo anadabwa kuti Chiswidishi n'chachifupi chotere.

A Bertil anapita kugalimoto n'kubwera ndi mwendo wonse wa mphalapala, n'kuupereka kwa Efo. Kenako anandifunsa ngati alamu anga angabwerenso chaka chamawa, makamaka sabata yachiwiri ya Okutobala, nyengo yosaka ija ikamayamba. Anati chipinda chilipo, ndipo makiyi adzawasiya pamsomali kuti pasadzakhale kuchedwetsana.

Efo anabwerera kwathu chipale chitakhazikika. Patangotha sabata, foni ya amuna anga inayamba kudzaza ndi makalata ofunsira ntchito ya ukapitawo: asuweni, adzukulu, mwana wa abusa, ndi mkulu wina amene analemba kuti ng'ombe saziopa kwenikweni. Amuna anga anaimbira Efo kuwapempha kuti azimitse motowo. Efo anati tisadandaule, akonza. Tsiku lotsatira ku gulu la banja kunabwera uthenga wina wa mawu, wolengeza kuti malo aja atsekedwa. Mzungu uja, anatero Efo, anabwera kudzagwada, ndipo banja, mwa chifundo chake, lamubwezera pa ntchito kuti ayambe wayesedwa kaye khalidwe.

Ndinawauza a Bertil nkhaniyi tikumwa khofi kukhitchini kwawo. Anamvetsera mpaka kumapeto, nathira shuga, nafunsa kuti kuyesedwako n'kwa miyezi ingati. Ndinati Efo sanatchule. A Bertil anati ndiwauze Efo kuti ayesetsa. Kenako anadzuka kukauza amuna anga kuti matayala oyendera pa chipale akhale atamangidwa pa galimoto yathu pofika mawa, chifukwa sakufuna kudzakoka bwana wawo m'ngalande ndi thirakitala ngati chaka chatha.